Ulemu Unandiika Patsogolo pa Chilombo

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kufa pakhonde pa nyumba yathu kuno ku Chelstone. Wondipha akanakhala mdzukulu wanga Dalitso, ali chikhalire pampando, akutafuna nshawa zanga, zija ena mumati mtedza.

Musathamangire kukagula maluwa. Ndili moyo, mawondo okha ndiwo akudandaula monga mwa masiku onse. Koma khalani pansi ndikuuzeni, chifukwa nkhaniyi yandiyenda m'mutu sabata yonse.

Ndimakhala ndi mwana wanga Esinati. Amagwira ntchito m'boma, ndipo kutchalitchi kwawo ndi mmodzi wa amayi otsogolera mapemphero. Mwamuna wake ali kumigodi, amabwera mwakamodzikamodzi. Ndiye pali Dalitso, mwana wawo mmodzi yekhayo. Anamaliza kukoleji, koma ntchito sinapezekebe. Mkati mwa sabata mnyamata uyu amakhala ngati mpando: alipo, koma salankhula. Amatuluka m'mawa ndi envulopu ya mapepala, amabwera madzulo nsapato zili mbuu.

"Zayenda bwanji, Dali?"

"Bwino."

Basi, mwamva zonse.

Koma Loweruka masana amasanduka munthu wina. Anzake amabwera, amayala chipepala chachikulu patebulo pakhonde, ndipo mawu ake mumawamva mpaka kumpanda. Amaseka. Amasintha mawu, pano ndi nkhalamba, pano wamalonda wakuba, pano chimphona. Ine ndinkangomvera ndili kukhitchini, osadziwa kuti akuchita chiyani, koma ndinkakonda phokosolo.

Lachinayi, Esinati akusesa pakhonde, anatola kachidole pansi pa tebulo. Kakuda, ka nyanga ziwiri, mano ali panja. Pambali pake panali kamwala ka ngodya zambirimbiri, kolembedwa manambala.

"Dalitso! Ichi n'chani pa nyumba panga?"

"Ni ka gemu chabe, Mami."

"Gemu ya nyanga? Ine nivutika kupemphela m'mawa muli monse, iwe uitana vibanda pakhonde?"

Mawu anakwera, monga mudziwa. Dalitso ananyamuka kuti apite kuchipinda. Koma atafika pakhomo anatembenuza khosi n'kuponya: "Vonse vamene simuziba, kwa imwe ni Satana."

Anapereka msana. Ndipo amake anauona msanawo.

"Ukanakhala na nchito, sembe ulibe nthawi ya vidoli!"

Chitseko chinatsekeka, koma mawuwo anali atalowa kale. Ndinawaona akulowa.

Esinati anapumira m'mwamba, kenaka anatembenukira kwa ine. "Amama, pa Chiwelu ine nili ku msonkhano wa azimai. Mukhale nawo, muone. Mukaona vosayenela, iyi gemu yasila pano."

Ndiye mwamva chimene chinali patebulo pa Chiwelupo, ndiye kuti Loweruka. Sanali masewera okha. Linali Loweruka la Dalitso, tsiku limodzi lokha pa sabata limene mwana uyu amaseka. Ndipo woweruza ndinali ine.

Loweruka litakwana, anafika awiri. Chanda wa ku Kabwata, amene amakonza mafoni m'tauni, mnyamata wamtali woti polowa pakhomo amawerama. Ndi Mutinta wa ku Woodlands, nesi, wosalankhulitsa koma wa maso akuthwa.

"Muli shani, ba Mbuya?" anatero Chanda, moni wa chinenero cha kwawo, akuwomba m'manja, bondo litapinda.

Ana oleredwa bwino, ndinene zimenezo ndisanapitirire. Muona posachedwa kumene kuleredwa bwinoko kunandifikitsa.

Ndinakoka mpando wanga n'kunena kuti lero ndine woonerera. Dalitso anandiyang'ana. Anadziwa amene wandituma.

"Ambuya, iyi gemu sibaiona chabe. Munzathu Mwape ayenda ku ukwati, tilibe wochilitsa. Ngenani."

"Ine pepala sindiwerenga, mwana iwe."

"Mutinta azakuwelengelani. Imwe muzikamba chabe vamene mufuna kuchita."

Kukamba? Pamenepo anandipeza.

Masewera ake ali chonchi. Mmodzi amafotokoza nkhani, ndiye Dalitso. Enawo aliyense ali ndi munthu wake m'nkhanimo, ndipo amanena yekha chimene munthuyo achite. Ukati "ndilumpha ngalande," umaponya kamwala ka manambala kaja, amati dayisi, ndipo ndi kameneko kamanena ngati walumpha kapena wanyowa. Ine nthano ndazikamba moyo wanga wonse, koma omvera anga ntchito yawo inali kuvomera. Awa amalowa m'nthanomo ndi nsapato zomwe, n'kuyamba kusuntha mipando.

Chipepala chija ndi chojambulidwa timabokosi, ngati bolodi ya dilafuti imene amuna amasewera pa siteshoni ya minibasi. Kabokosi kalikonse ndi malo oima munthu mmodzi. Chanda anali ndi kamunthu ka chishango chachikulu. Mutinta anali ndi ka uta ndi mivi. Mwape anapita ndi kake m'thumba, choncho ine anandipatsa kachitsekerero ka botolo.

Munthu wanga anali mayi wodziwa kuchiritsa mabala, ndodo m'manja, wopanda chishango, wopanda chovala chachitsulo. Ndinafunsa ngati mankhwala ake ndi a mizu kapena a kukiliniki, poti ndinali ndi lipoti lokapereka.

"Tikambe kuti ni nesi wakale, Ambuya," anatero Mutinta. "Wa penshoni."

Ndinamutcha Tikambenji, dzina la mnzanga wina wa ku Katete.

Moyo wa anthu awo amaulemba ndi pensulo. Wanga Dalitso anauika m'sosala: nshawa zokazinga.

"Mdani akakumenyani, nichotsako," anatero Dalitso. "Zikasila, Tikambenji wafa."

"Nanga zochotsazo zipita kuti?"

Anangomwetulira.

Nkhani yake inali yakuti chilombo china chinaba mbewu ya chimanga ya mudzi wonse n'kukaibisa m'nyumba yakale yamiyala. Nditamva kuti ndi mbewu, ndinakhazikika bwino pampando. Chikanaba golide ndikanati chisunge. Koma mbewu, mvula ili pafupi?

Tinayenda m'nkhanimo. Tinawoloka dambo. Tinakambirana ndi mlonda wina wabodza, amene mawu ake Dalitso anachita kubwereka kwa kondakita wa minibasi, mpaka ine misozi kutuluka ndi kuseka. Kenaka tinafika pa nyumba ija. Khomo lake linali la kabokosi kamodzi kokha: wolowa ndi mmodzi, enawo kumbuyo.

"Mukati muli mdima," anatero Dalitso ndi mawu apansipansi. "Mumvela fungo monga ya mbuzi yonyowa. Ndani angena poyamba?"

Dzanja la Chanda linapita pa kamunthu kake ka chishango. Linafika, linaima. Anandiyang'ana, n'kulibweza.

"Ba Mbuya, yambani."

"Ee, akulu ayambe," anatero Mutinta.

Inu omvera, mundiuze. Mwana wa munthu, woleredwa bwino, angadutse kutsogolo kwa agogo pakhomo n'kuwapatsa msana? Chanda amadziwa bwino lomwe kuti wachishango ndiye amalowa poyamba. Wakhala akulowa poyamba Loweruka lililonse. Koma dzanja linakana. Amake ku Kasama analiphunzitsa kalekale dzanja limenelo, masewerawa asanawadziwe.

Nanga ine? Zaka zonsezi anthu amandipatsa njira: pokwera minibasi, pa mzere wa kukiliniki, posamba m'manja. Ndinazolowera. Ndinakankha kachitsekerero kanga ndi chala, n'kukaima pakhomo penipeni ngati mlendo wolemekezeka paukwati.

Dalitso anagwira kumutu. Koma wofotokoza nkhani saloledwa kuchenjeza. Anapisa m'thumba, natulutsa chidole cha nyanga chija, n'kuchiika pa kabokosi koyandikana ndi kanga. Mphuno kumphuno.

"Aa! Ichi si chija anatola amako?"

"Ndiye chamene, Ambuya."

"Kodi ndi mdani?"

"Nanga mwenze kuganiza ati ni abusa wathu?" anatero Chanda. "Ndiye chamene tabwela kumenya."

Ndinazisunga mumtima zimenezo, za lipoti.

Tsono nkhondo ya m'masewerawa si chipwirikiti ayi. Aliyense ali ndi nthawi yake, motsatana, ngati pa mzere wa kuchigayo. Nthawi yako ikafika umayenda mabokosi owerengeka n'kuchita chinthu chimodzi: kumenya, kuponya muvi, kumanga bala. Ukatero wakhala chete, kudikira anzako ndi adani omwe. Woyamba amasankhidwa ndi dayisi, ndipo dayisi sidziwa imvi. Inasankha chilombo.

Chinandimenya. Dalitso anatapa nshawa m'sosala mwanga, dzanja lodzaza, n'kuponya m'kamwa.

"Mwana wopanda chisoni iwe!"

"Si ine, Ambuya, ni chilombo," anatero, masaya atatupa.

Inafika nthawi ya Chanda. Analibe podutsa. Ine ndinali nditatseka khomo ngati minibasi yofera pageti. Chishango chake chonsecho chinali kuteteza msana wanga, kumene kunalibe mdani. Mutinta anayesa kuponya muvi podutsa paphewa panga, koma lamulo limati ngati mnzako wakutchinga, kulasa kumavuta. Muviwo unakabaya khoma.

Nthawi yanga. Ndinasuzumira m'sosala. Zinali zitatsala zowerengeka pansi.

"Ndithawa," ndinatero, chala chili kale pa kachitsekerero.

"Imani!" anakuwa Chanda ndi Mutinta.

Mutinta anagwira dzanja langa monga amagwirira odwala. "Ambuya, pali lamulo. Mukaimilila pafupi na mdani, ndiye mwamupatsa msana kuti muthawe, amakumenyani kamodzi mahala, nkhonya yaulele. Olo si nthawi yake."

"Ndiye ndiime pano chindidye?"

"Pali njila ina. Mungachoke bwinobwino, chobwelela kumbuyo, maso pa chilombo. Sichizakugwilani. Koma nthawi yanu yonse yasilila pa kuchoka. Simumenya."

"Chabwino. Ndichimenye kamodzi ndi ndodo, kenaka ndichoke bwinobwinoko."

"Sivichitika. Chimodzi chabe. Mukamenya, kuchoka kwanu kwakhala kuthawa, msana uli poyela."

"Kamodzi kokha! Chidziwe kuti pano panafika munthu. Chandidyera nshawa zanga!"

Anaseka onse. Dalitso anaseka mpaka kutsamwa. Koma ine, ndili chigwirire kachitsekerero, ndinaona Lachinayi lija litayalidwa patebulopo. Mnyamata ali pakhomo, akufuna kuchoka, koma akufunanso kusiya nkhonya yake. Anamenya, anapereka msana, ndipo analandira yaulere, yoposa yake.

Kunena zoona, zinandiwawa. Ndodo ndili nayo, chilombo chili pamphuno, ndingochoka ngati ndabwera kudzafunsa njira?

"Tikambenji achoka," ndinatero. "Chobwerera. Ndodo pansi."

Ndinakoka kachitsekerero kanga kumbuyo. Chilombo sichinandikhudze.

Ndipo taonani chimene chinachitika. Khomo litangotseguka, Chanda analowapo ndi chishango chake. M'katimo munalinso afisi awiri oyenda ndi miyendo iwiri, antchito a chilombo. Khomo lopapatiza lomwe lija, limene linatsekera anzanga kunja, tsopano linatsekera afisiwo mkati. Womenya Chanda anali mmodzi yekha pa nthawi, enawo akungodumphadumpha kumbuyo. Mutinta anazungulira nyumba, anapeza zenera, anayamba kuwatola ndi mivi mmodzimmodzi. Ine ndinaima kumbuyo kwa Chanda, pamalo panga penipeni, kumanga mabala ake akamenyedwa.

Chitatsala chokha, chilombo chinakwiya n'kumukankhira Chanda panja pabwalo. Apa Mutinta anandiuza lamulo lina: anthu awiri mukachiima uku ndi uku, sichidziwa koyang'ana, ndipo womenya amapeza mwayi. Anafuna kuti ine ndikaime kumbuyo kwake. Njira yaifupi inali yodutsa m'mbali mwake momwe, koma ndinali nditaphunzira. Ndinazungulira patali, ngati munthu wopewa galu wa aneba, mpaka ndinakafika kuseri kwake. Chanda anaponya dayisi, inagwa bwino, chilombo chinagwa.

Mbewu inabwerera kumudzi. Ine sindinachimenye n'kamodzi komwe.

Tikumwa tiyi ndi vitumbuwa, ndinafunsa Chanda kuti lamulo lomenya wothawali analiikiranji, poti likuoneka lankhanza.

"Ba Mbuya, kudala tenze kusewela kopanda ilo," anatero. "Aliyense enze kumenya na kuthawa, kumenya na kuthawa, monga nkhuku pa mphasa ya chimanga. Ine wa chishango nenze chabe monga mtengo wa malaiti. Vilombo venze kunipitilila, kuyenda kukadya Mutinta. Manje na ili lamulo, chikanipitilila nichimenya. Nikaimilila pakhomo, ndine geti."

"Koma naiwe uipa," anatero Mutinta. "Ukafika pa mdani umakhala pamenepo monga bakumata na guluu. Gemu yonse sumayenda."

"Nanga niyende kuti? Nimenyewe mahala?"

Anakangana pang'ono, mwachikondi. Ine ndinangomvera. Ndipo chimene chandigwira sabata yonse ndi ichi: m'masewerawa mulibe lamulo lonena kuti "ima apa" kapena "usapite uko." Ukhoza kupita kulikonse kumene ufuna. Lamulo limangoika mtengo pa phazi lililonse, ndiye miyendo imadzisankhira yokha. Sintha lamulo limodzi, anthu omwewo ayamba kuvina pabwalo lonse. Libwezere, aima ngati mitengo.

Kodi si mmene timayendera m'tauni muno? Mu minibasi palibe amene amakuuza pokhala. Koma ukakhala pafupi ndi chitseko, utsika pa siteshoni iliyonse kuti ena adutse. Ndiye onani mmene opita kutali amalimbirana kumbuyo. Ku City Market, m'tinjira tija topapatiza, wawilibala akangokuwa, tonse timamatirira kumatebulo osauzidwa. Palibe wapolisi pamenepo. Chala chaphazi ndicho chimadziwa mtengo wake.

Ndiye palinso malamulo athu a m'nyumba, amene sanalembedwe paliponse.

Loyamba ndi lija linandiika patsogolo pa chilombo. Ulemu ndi wokoma, musandimve molakwa. Ndimaukonda. Mwana akandipatsa mpando mu minibasi, ndimamudalitsa mpaka potsikira. Koma tazindikirani nthawi zimene timati "akulu ayambe." Banja la mwana likagwedezeka, tumani ambuya. Pamaliro pakabuka mkangano wa katundu, ambuya alankhule. Mlamu wovuta uja akabwera, ambuya amulandire. Amuna amphamvu, a zishango zawo, a mapepala awo, ali kumbuyo kwathu, manja kumsana, mwaulemu kwambiri. Ife tili pakhomo ndi ndodo, m'sosala mwatsala zowerengeka. Ngakhale Esinati mwana wanga, kodi sanandikankhire pakhomo pakati pa iye ndi mwana wake? Anachita mwaulemu. Koma pakhomo m'pakhomo.

Lachiwiri ndi lomenya wochoka. Limeneli timalisunga bwino kuposa ana a masewera aja. Munthu akasamuka mpingo, mawu amamutsatira kumsana. Akatuluka m'gulu la banja lija la pafoni, asanaike n'komwe foni m'thumba, tayamba. Mtsikana akanyamula chikwama kuchoka kwa mwamuna womumenya, ndani amayamba kumulasa? Si ife amayi anzake, tili pampopi? Kenaka timadabwa kuti anthu aima ngati mitengo pamalo powawa, chaka ndi chaka. Tinaika tokha mtengo pa kuchoka. Ana aja ngakhale lamulo lawo ndi lolimba, anasiyamo kanjira koti munthu atuluke osamenyedwa. Ife kanjira kameneko tinakasiya?

Koma nawonso ochokawo, tinene zoona. Ambiri safuna kungochoka. Amafuna kuchoka atasiya chizindikiro. Dzanja lili pachitseko, phazi limodzi lili panja, ndiye pakamwa pamatuluka kamodzi kaja, "adziwe kuti pano panali munthu." Ine ndikudziwa kukoma kwake. Ndinakumva pa chala changa Loweruka, chifukwa cha nshawa chabe.

Esinati anafika dzuwa likupendeka, Chanda ndi Mutinta atangopita. Chipepala chinali chikadali patebulo, chidole chili chigonere chammbali pamene chinagwera. Dalitso ankasonkhanitsa makapu.

"Amama, lipoti."

"Cha nyanga chija ndi mdani," ndinatero. "Sachipembedza, amachimenya. Lero tachigwetsa, mbewu yabwerera kumudzi."

"Mwachigwetsa? Imwe na ndani?" Chikwama chinatsika paphewa. "Amama! Nakutumani kuti muone, imwe mwangena?"

Anatembenukira kwa mwana wake.

"Waona manje? Wakoka na ambuya ako. Anzako ba nesi, anzako bali na mashopu, babwela kuno kupumula. Nanga iwe upumula chani?"

Dalitso anaika makapu pansi. Anaimirira mowongoka. Ndinaona phazi litaloza kale kukhomo. Mawu anali atafika pamilomo, ndipo anali aakulu, oti akatuluka sabwerera. Ndinadziwa kuti akawaponya, palibe lipoti langa limene lingapulumutse Loweruka lake.

Ndinaika chala pa kachitsekerero kanga, n'kukakoka kumbuyo papepala paja. Kanalira pang'ono, kuti khwee.

Dalitso anayang'ana chala changa. Anayang'ana amake. Ndinamuona akumeza mawu aakulu aja.

"Mami, mwalema," anatero. "Lekani nikuikileni madzi ya tiyi."

Anatola makapu aja, n'kulowa m'nyumba pang'onopang'ono, nkhope ili kwa amake mpaka pakhomo.

Esinati anatsala chiimire. Nkhonya yake yaulere inali yokonzeka, ndinaiona. Koma panalibe msana woti aimenyepo.

Khomo linatsala lopanda munthu, ndiye ndinalowapo ine. Ulendo uno ndinalowa ndikudziwa.

"Khala pansi, mwanawe. Nsapato zimenezo zakupweteka tsiku lonse."

Anakhala.

"Dali unamumva liti akuseka?"

Anawerama n'kuyamba kuvula nsapato.

"Ine ndamumva lero, mpaka kutsamwa. Lolemba adzanyamulanso envulopu ija. Amene amamukana kumaofesi ndi okwanira, safunika wina pakhonde pano."

Esinati anayang'ana patebulo. Kenaka anatola chidole chija ndi zala ziwiri, ngati watola mphemvu, n'kuchiyang'ana kumaso.

"Ndiye ichi mwachimenya, Amama?"

"Ine sindinachikhudze. Ndinangochoka pakhomo kuti wachishango adutse."

Anapukusa mutu, koma pakona pa mlomo panagwedezeka.

"Chisagone mu nyumba mwanga," anatero mokweza, kuti mawu akafike kukhitchini. "Chanda aziyenda nacho ku Kabwata."

"Nanga gemu?"

"Pakhonde. Na makapu bazitsuka beka."

Kukhitchini supuni inali kulira m'kapu. Inaima. Kenaka inayambanso, mofulumirirapo.

Dalitso anabwera ndi tiyi, anagwada pang'ono popereka. Esinati anamwa kamodzi.

"Wachita bwino, Dali," anatero. Sananene ngati akunena tiyi.

Ine ndinadya nshawa zanga zotsala zija, zimene Tikambenji anapulumuka nazo. Zinali zochepa, koma sindikumbuka nshawa zokoma kuposa zimenezo.

Ndiye inu amene dzanja lili pachitseko sabata ino, mawu ali pamilomo: mukufuna kuchoka, kapena mukufuna kumenya? Sankhani chimodzi, poti zonse ziwiri zili ndi mtengo. Ndipo inu otsala m'chipindamo, msana wa mwana wanu mukauona, n'chiyani chimakukakamizani kuti yaulereyo muitenge?

Ana aja ati Tikambenji akhalebe m'gulu, ngakhale Mwape abwere. Ndavomera, koma ndamuuziratu Chanda. Pageti andipatse moni wake wonse, bondo lipinde, manja awombe. Tiyi ndiyambe ine kulandira. Koma tikafika pakhomo lamdima lonunkha mbuzi yonyowa, adutse kutsogolo kwanga, andipatse msana wonsewo, ndipo asapepese.